Asilikali a m'Bokosi la Mkungudza

Ku Likhubula aliyense ankadziwa kuti Loweruka masana a Pilato Muhiwa sungawapeze kumunda kapena kumowa. Ankakhala pakhonde, atagoneka chitseko chakale pamipando iwiri, ali kalikiliki kumenya nkhondo. Inde, nkhondo, munthu wa imvi zake mbuu! Pachitsekopo ankaumba timapiri ta utuchi, kansalu kobiriwira n'kukhala mtsinje, kenako ankandandalika tiasilikali ta mtovu, kalikonse kotalika ngati chala chamkombaphala.

Bamboyu adapenta nyumba za pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu. Bwana wina wokalamba, pobwerera kwawo, adawasiyira tiasilikalito pamodzi ndi kaseweredwe kake: mtunda umayezedwa ndi rula, madayisi ndiwo amaweruza, wowomberedwa amagonekedwa chagada. Tinali takalekale, utoto utayoyoka, ndipo a Pilato adatha zaka akutipenta kamodzikamodzi ndi burashi yodzipangira okha ya ubweya wa mbuzi. Tambiri tinali ta Keyala, gulu la asilikali a m'nthawi ya atsamunda, ta makabudula a khaki ndi zipewa zofiira.

Koma panali kamodzi kamene ankakagwira atasamba m'manja. Bambo awo adamenya nkhondo ku Burma, ndipo adamwalira osajambulitsa chithunzi n'chimodzi chomwe. Maliro atangotha, nkhope ikadali m'maso, a Pilato adasankha kasajeni kamodzi n'kukapenta monga analili malemuwo: mizere itatu pamkono, ndi chipsera chochokera patsaya kukafika kukhutu. Zaka zitapita nkhope ija idayamba kuzimirira m'mutu mwawo, ndiye akafuna kuona bambo awo ankatenga kasajeniko.

Mdani wawo pankhondo zonsezi anali Che Kasimu, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula pa Chitakale, amene ankapalasa njinga Loweruka lililonse, kaya kuli dzuwa kaya chiperoni. Mfuti ya kamsilikali ikathyoka, iwowa ndiwo ankamata ndi chitsulo chawo chamoto, pajatu mtovu adakula nawo. Awiriwa ankakangana ngati ana madayisi akagubudukira pansi, mpaka a Joice, akazi a Pilato, ankabwera ndi tiyi kudzaleretsa. Adatero zaka khumi ndi zinayi.

Zinthu zidasokonekera tsiku limene mlendo wina wokwera phiri adausa mvula pakhondepo. Ataona tiasilikalito adangoti kukamwa yasa. Adati zoterezi adaleka kupanga kalekale, kwawo amaziona kuseri kwa galasi, ndipo palibe amene amaloledwa kuzikhudza. Mvula idakata, mlendo adapita, koma mawu ake adatsalira m'mutu mwa a Pilato. Kuyambira pamenepo, Che Kasimu akatambasula dzanja kuti asunthe msilikali, maso a mnzawo ankakhala pazala zawo zakuda ndi ntchito.

Posakhalitsa a Pilato adatsitsa matabwa a mkungudza amene bambo awo adasiya kudenga, n'kukhoma bokosi lokongola. M'mphepete mwa chivundikiro adamatamo chubu cha njinga kuti mpweya usalowe ngakhale pang'ono. Ndani ku Mulanje sadziwa kuti mkungudza chiswe sichiuyandikira? Adalengeza kuti nkhondo zatha, asilikali akapuma.

Che Kasimu adalinunkhiza bokosilo, nalisisita, kenako adapukusa mutu.

"Achimwene, bokosi mwakhoma, koma si la mtovu ili," adatero. "Mtovu umafuna mphepo. Mukautsekera m'thabwa lonunkha chonchi, kuno kwachinyezi, umadyeka n'kusanduka ufa. Ndidaziona ndi maso anga m'kabati ya kuntchito. Ngati simukufuna tizisewera, chabwino, koma aikeni pashelefu."

A Pilato adaseka mpaka kutsokomola. Adafunsa kuti chitsulo chidayamba liti kuola ngati papaya. Loweruka linalo Che Kasimu adabweranso atamangirira pakaliyala kabokosi ka malata kamene adakhoma okha, atakaboola timabowo mbali zonse. Adati ayesere m'menemo.

Apa mpamene a Pilato adalankhula mawu osabwezeka.

"Che Kasimu, nenani zoona. Chikukupwetekani n'chakuti simudzawagwiranso. Utoto wa pankhope ya bambo anga ukuthera m'zala zanu za mwayezo."

Che Kasimu adayang'ana zala zawo nthawi yaitali. Zinali zala zomwezo zimene zidamata mfuti ya kasajeni kawiri konse. Adamangiriranso kabokosi kawo pakaliyala, natsanzika a Joice mwaulemu, n'kukankha njinga mpaka kumsewu osaikwera. A Joice adauza amuna awo kuti amulasa mnzawo popanda mlandu, koma iwo adati akazi za nkhondo sazidziwa. A Pilato adakumbukira kuti kamsilikali kamodzi, koimba lipenga, kadatsalira ku Chitakale kudikira kumatidwa. Adati Che Kasimu akhale nako, asilikali alipo ambiri.

Bokosi lidalowa kunsi kwa bedi, loko wamkulu ali lende. Sankalitsegula, ati mpweya ungalowe. Dzinja lidabwera n'kupita, chiperoni chidanyowetsa makoma, bokosi lili phee. Loweruka a Pilato ankakhala pakhonde ndi wailesi, ndipo belu la njinga likalira kumsewu ankadzutsa mutu, kenako n'kunamizira kuthamangitsa ntchentche. Ankamusowa mnzawo, ankamusowa kwambiri, koma kunyada kudawaletsa kupita ku Chitakale.

Chaka chachitatu Che Kasimu adamwalira. Uthenga udafika ku Likhubula ataikidwa kale, pajatu anzathu Asilamu sachedwetsa maliro. A Joice adamanga chitenje kukapepesa, a Pilato adati bondo likuwawa. Bondo lake lomwelo limene linkawafikitsa kumsika tsiku ndi tsiku!

Pa Khirisimasi ya chaka chotsatira mwana wawo Rute adabwera kuchokera ku Blantyre ndi ana ake awiri. Adati anawo amva zambiri za agogo a Keyala, tsopano akufuna kuwaona nkhope. A Pilato adafufuma ngati finye. Adagoneka chitseko chija pamipando, adaitana ndi oyandikana nawo omwe, n'kukoka bokosi kubwera nalo pakhonde dzuwa lili ngwee.

Atatsegula, kudatuluka fungo la mkungudza losakanikirana ndi kafungo kowawasa. Asilikali onse anali mbuu, ngati wina wawathira ufa woyera. Utoto udatupa matuza n'kusweka, miyendo idafumbutuka, mfuti zidatsala zidutswa. A Pilato adafufuza mpaka adakapeza kasajeni pakona pamene adakagoneka pathonje. Atakanyamula, mutu udatsalira m'bokosi. Adautola, nauika pachikhatho, n'kuuzira pang'ono kuti ufa uchoke. Ufa udachoka, ndipo chipsera, maso ndi kamwa zidapita nawo limodzi.

Mdzukulu wamng'ono adafunsa kuti nanga agogo aja ndi ati. A Pilato adatsinzina kuti mwina aione nkhopeyo m'mutu n'kuifotokoza, koma sidabwere. Adayesanso, osabwera. Adalowa m'nyumba, ndipo Rute ndiye adabalalitsa anthu.

M'mawa mwake adakulunga zidutswa za kasajeni m'kampango, bondo lija litachira mwadzidzidzi, n'kukwera kabaza wa ku Chitakale. Mwana wa malemu, amene adatsala ndi ntchito ya ndowa, adaziyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti mtovu wodyeka sugwira moto, palibe chomata. Ali chiimire, adatulukira mayi Safina, amasiye a Che Kasimu. A Pilato adayembekeza mawu olasa, ndipo akadawalandira, chifukwa ankadziwa kuti ngowayenera. Mayiwo adangowapatsa mpando, nalowa m'nyumba, n'kutenga kanthu pawindo.

Kanali koimba lipenga kaja. Lipenga lidamatidwa bwinobwino, chipewa chili psuu, utoto ukuwala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Kadakhala pawindo lopanda galasi zaka zinayi, mphepo ikukaomba, adzukulu akuseweretsa, koma kalibe ndi kadontho komwe ka ufa.

"Malemu adati mukadzabwera tidzakupatseni," adatero mayi Safina. "Loweruka lililonse ankakapukuta, n'kukakhala panja kuyang'ana kumsewu. Ankati a Pilato sachedwa kupsa mtima, koma abwera."

Pansi pa windolo panali kabokosi ka malata ka timabowo kaja. Munali anyezi.

A Pilato adafuna kupepesa, koma woti amupepeseyo anali kumanda, ndipo ngakhale manda akewo sankadziwa kuti ali pati. Adabwerera ku Likhubula wapansi, kamsilikali kali m'thumba la malaya. Mpaka lero kali pashelefu pabalaza, pamene Che Kasimu adanena paja, kakuimba lipenga popanda gulu loti lisonkhane. Loweruka bamboyu amakapukuta yekha pakhonde, ndipo chitseko chija a Joice adachisandutsa choanikira chinangwa.

Bokosi la mkungudza lidatetezadi asilikali ku zala za Che Kasimu, ndipo lidawadya lokha. Munthu yekhayo amene ankadziwa mtovu adanena kawiri, ulendo wachiwiri atanyamula chithandizo panjinga, koma adalipidwa chipongwe. A Pilato adataya nkhope ya bambo awo ndi bwenzi la zaka khumi ndi zinayi kuti amvetse zimene akuluakulu adanena kalekale: wakutsina khutu ndi mnansi.