Munsi Wolira Wokha

Panali mayi wina wamasiye, dzina lake Nakwenda, kale mitondo isanakhale chete. Masiku amenewo mudzi unkadzuka ndi minsi. Ukamva kugunda unkadziwa kuti uyo ndi uje, ndiponso kuti wadzuka bwanji. Amene wagona akulira ankamveka, pakuti ankaziimba pamtondo, akuluakulu n'kumva.

Nakwenda ankasinja mtondo umodzi ndi mlamu wake Nachanza, mkazi wa mlongo wake. Nachanza anachita kutengedwa chitengwa, abale ake anali kuseri kwa mapiri. Koma minsi ya awiriwa inkalandizana ngati ya ana a mimba imodzi.

Chaka china kumsika kunabwera chigayo. Mwamuna wa Nachanza anamanga mpanda waudzu, wautali kuposa munthu. Chimanga ankapita nacho yekha kuchigayo panjinga. "Mkazi wanga asamavutike," ankatero. Anthu anamutama. Nakwenda nayenso anamutama, n'kupeza wina wosinja naye.

Tsiku lina pachitsime anaona Nachanza akulephera kusenza ndowa. Mkono wamanja unali lende.

"Mlamu, nanga mkonowo?"

"Ndinagwa, alamu."

Nakwenda anamusenzetsa ndowayo. Mawuwo ankawadziwa. Mayi ake nawonso ankagwa kawirikawiri, makamaka bambo akagulitsa fodya, iye ndi mlongo wakeyo akusuzumira pachitseko. Mmodzi anatolapo mantha, mnzake anatolapo dzanja.

Anaganiza njira yonse. Akalankhula, anyazitsa magazi ake, komanso womufolerera nyumba chaka ndi chaka anali mlongo wake yemweyo. Akakhala chete, tsiku lina adzasambitsa mtembo wa mlamu wake.

M'mawa mwake anagubuduza mtondo wake, kulowa nawo mumpanda muja, n'kuuimika pafupi ndi khonde. Minsi anatenga iwiri.

"Achemwali, chigayotu chilipo," anatero mwamunayo. "Ngati ufa wakutherani, nenani."

"Ufa ndili nawo, achimwene. Ndasowa mnzanga."

Anathira chimanga n'kuyamba kukonola. Munsi winawo unali chigonere pansi. Tsono kumeneko mwambo unali wakuti munsi ukamalira wokha nthawi yaitali, amayi amapita kukalandira. Anabwera ndi malichero awo. Mpanda sunawaletse, poti pamtondo sitinkaodira.

"Nanga mwini khomo bwanji sakukulandira?" anafunsa wina.

Nakwenda anaimika munsi. "Sangathe. Mkono ndi wothyoka. Wathyola ndi mlongo wanga uyu, amene ndinamubereka kumsana kwangaku."

Ananena mwini wake ali pomwepo, atagwira njinga. Tsiku lomwelo amayi anaperekeza Nachanza kuchipatala, uthenga unapita kwa ankhoswe ndi kwa amalume a Nachanzayo. Mlandu unakambidwa poyera. Nachanza anakhala kwa Nakwenda mpaka mkono unapola, ndipo zobwerera kubanja kapena kupita kwawo anasankha yekha, popanda womuuza kuti apirire.

Mlongo uja sanakwerenso padenga la Nakwenda. Dzinja limenelo nyumba inadontha, ankasuntha mphasa uku ndi uku. Amene ankamufunsa ankawayankha kuti mphasa imauma.

Ana anga, chigayo sindidana nacho, chinapumitsa msana wanga. Koma mitondo itakhala chete tinasiya kumvana. Lero mipanda ndi yanjerwa, mageti achitsulo, ndipo timatama mwamuna amene mkazi wake saoneka panja. Taganizani: ndi mlamu wanu uti amene mwatha nyengo osamuona? Musadikire kuti akuitaneni, sadzakuitanani. Pezani chopitira, kalowemoni. Ndipo womenyayo akakhala mwana wa mayi anu, ngongole yolankhula ndi yanu, isanafike kwa ankhoswe kapena kupolisi.