Malo a Mwana wa Eni Nyumba

Mayi Nasibeko ankalera ana a anthu masana m'nyumba ya lendi ku Chilomoni. Chilolezo cha boma chinkawalola ana asanu ndi atatu basi, ndipo malo anali atadzaza. Kuwonjezera wina kunali kuitana aboma kuti adzatseke.

Tsiku lina kunatulukira eni nyumbayo, a Chimbalanga, ndi akazi awo, atagwira kamwana kawo padzanja.

"Chisomo ayamba lero," anatero a Chimbalanga. "Ngati mukuopa boma, likupatseni nyumba yake. Yangayi mutuluke."

Koma panali kanthu kena kamene Mayi Nasibeko ankakadziwa. Anagwada mwaulemu.

"Zoona bwana, boma ndi ndani pamaso panu? Kungoti kuti wanu alowe, wina atuluke. Ndichotsa Yamikani. Mayi ake amati bambo a mwanayu ndi munthu wolemekezeka, wa nyumba zambiri, amene amangobwera mozemba. Ndiwaimbira foni mayiwo abwere, muwafotokozere nokha. Yamikani! Dzapereke moni kwa alendo!"

Kamnyamata kanasuzumira pakhomo, kanamwetulira, n'kuyamba kuthamangira a Chimbalanga manja ali m'mwamba. "Ada..."

"Bwerera, iwe!" anakuwa a Chimbalanga, thukuta lili kamukamu. "Mayi, mungachotse bwanji mwana wosalakwa? Malamulo a boma si masewera! Ife ena timawalemekeza!"

Anawakoka akazi awo kuti azipita kugalimoto. Koma akaziwo sanasunthe, maso ali pa kamnyamata kaja.

"Bambo a Chisomo," anafunsa motsitsa mawu, "makutu amenewa ndinawaonapo kuti?"