Mwana wa Yotamu Alibe Dzina

Kalekale, koma osati kale la makolo, poti ena mwa inu munali mutamera kale mano, m'tauni ina munali mayi wogulitsa makala dzina lake Nangondo. Mwana wake mmodzi yekhayo, Yotamu, ankadzibaya mankhwala ozunguza bongo. Nangondo zinkamunyansa. Akamupeza akusinza pakhonde dzuwa likuswa mtengo, dovu lili chuchuchu, ankalavula malovu n'kumulumpha.

Anthu atatu ndiwo anachititsa kuti Yotamu asafe, ndipo onsewo Nangondo sankafuna n'kuwaona komwe.

Woyamba anali mayi Edesi, a ku bungwe lina la zaumoyo. Lachiwiri lililonse ankafika kuseri kwa msika kumene Yotamu ndi anyamata ena odzibaya ankabisala, kutolera majakisoni akale n'kugawa atsopano. Tsiku lina Nangondo anawatsekera njira.

"Mayi inu, mulibe manyazi? Mwana wanga akudzipha, inu mukumunolera mpeni?"

"Kusiya sanakonzeke, mayi," anatero mayi Edesi. "Koma jakisoni wobwerekana amupatsa kachilombo."

Anzake a Yotamu angapo amene ankabwerekana majakisoni anatengadi kachilombo. Yotamu sanatenge.

Wachiwiri anali Fulaye, mnzake yemweyo amene anamuphunzitsa kudzibaya. Masana ena Yotamu anapyola muyezo n'kugwera m'ngalande ya zonyansa, milomo ili bii, mpweya ukutha. Anthu abwinobwino, ovala zosita, anamuzungulira n'kumamujambula pa foni. Fulaye, iyenso ali dzandidzandi, analowa m'matope onunkhawo, anamufayira m'mphuno mankhwala otsitsimutsa amene ankayenda nawo m'thumba, anamupumira m'kamwa muli masanzi, kenaka anamukweza pa wilibala mpaka kuchipatala.

Wachitatu anali namwino, mayi Kachala. Pamene Yotamu ankadzibaya pamwendo panali chilonda cha mafinya okhaokha, moti madokotala ankakamba zoudula. Mayi Kachala anachitsuka tsiku ndi tsiku miyezi iwiri, ndipo anamulembetsa pa mankhwala akumwa m'mawa uliwonse oletsa chibaba. Koma pakamwa pawo mpamene panali poola kuposa chilondacho.

"Iwe chidakwa cha jakisoni, ukutithera mabandeji a anthu," ankatero odwala onse akumva. Nangondo naye, namwinoyo anamulasa: "Mayi, apa munabereka zinyalala."

Mwendo unapola, ndipo Yotamu anasiya kudzibaya. Patapita zaka ziwiri anakwatira Esinala, nabereka mwana wamkazi wonenepa bwino. Mchombo utagwa, nthawi yoti mwana atuluke m'chikuta itakwana, Yotamu anagwada pamaso pa mayi ake.

"Amayi, dzina la mwanayu lichokere kwa mmodzi mwa atatu aja. Musankhe ndinu, poti ndinu agogo ake."

Nangondo anayamba kusinkhasinkha. Wotcha dzina amamunyamula mwanayo m'manja, ndipo kuyambira tsikulo amasanduka wachibale, wolowa pakhomo popanda odi. Ampereke mdzukulu wake m'manja amene ankagawa majakisoni kuseri kwa msika? Koma popanda manja amenewo, magazi a Yotamu sakanakhala abwino, mwina a Esinala ndi a khandali omwe. Ampereke kwa Fulaye, amene mpaka lero akadadzibayabe, woyambitsa zonsezi? Popanda iye, Yotamu akanathera m'ngalande anthu akujambula. Nanga namwino uja? Ndi yekhayo amene anamuchotsa pa jakisoni, koma dzina la mwana lituluke pakamwa pomwe panatuluka mawu oti zinyalala?

Masiku anayi anadutsa Nangondo akungotsonya. Esinala anatopa kubindikira m'nyumba, ndipo oyandikana nawo anayamba kumutchula mwanayo kuti "ujeni wa Yotamu".

Tsono inu amene mwamva, ngakhale inu amene mwakwinya mphuno kumbuyoko, mwana sangakule ali ujeni. Nangondo aitane ndani kuti adzamunyamule n'kumutcha dzina: mayi Edesi, Fulaye kapena mayi Kachala?