Maswiti a Nkhumba

"Darcy, usamazitchule maswiti mwanayu akumva," anatero Kirrily tsiku loyamba limene zipolopolo zofiira zija zinalowa m'khitchini mwake. "Ndipo uzichotse pathebulo langa."

Mwamuna wakeyo anaseka. Apongozi a Kirrily, a Noelene, amene anabwera kudzamwa tiyi, anasekanso. Ngakhale Elsie, kamwana kawo ka zaka ziwiri, kanaseka poona akuluakulu akuseka. Amene sanaseke ndi Kirrily yekha, ndipo m'nyumba imeneyo wosaseka ndiye ankaoneka wolakwa.

Ntchito ya Darcy Mulholland inali yowombera nkhumba zakutchire zimene zinkafukula minda ya tirigu ndi kugwira ana a nkhosa m'mafamu ozungulira tauni ya Dirranbandi. Chifukwa cha ntchitoyo, boma linamulola kusunga mfuti yomwe anthu wamba saloledwa, ija yodziikira yokha chipolopolo china ikangolira. Ankaisamala ngati mkazi wamng'ono. Zipolopolo ankapanga yekha: ankasungunula mtovu pakhonde la kuseri, n'kuuthira m'chikombole, kenako n'kuzilumikiza ndi onga wake. Vuto linali limodzi. Mtovu wosavala umadzipaka m'kati mwa mfuti yotere, n'kutseka kabowo kodutsa mpweya, mfuti n'kuyamba kukakamira nkhumba zili pamaso. Anzake a ntchito anamuuza mankhwala ake: kuzigubuduza zipolopolozo mu penti waufa, n'kuziwotcha mu uvuni mpaka pentiyo atagwira ngati khungu. Zinkatuluka zosalala, zonyezimira, zofiira psuu, zoti munthu ungazilakelake.

Kauvuni ka kushedi kamene ankawotcheramo zipolopolozo katapsa, Darcy anabweretsa thireyi yake mu uvuni wa Kirrily.

"Ndi lero lokha, Kiri. Usandiyang'ane ngati ndabweretsa njoka."

Lero lokhalo linabala mawa, mawa n'kubala zidzukulu. Kirrily analeka kuphika chilichonse mu uvunimo. Ankakolopa khonde la kuseri mmawa ndi madzulo, koma kafumbi kotuwa kankabwerera m'ming'alu ya matabwa, pomwepo pamene Elsie ankakonda kukhala n'kumanyambita zala. Zovala za Darcy ankazichapa pazokha. Botolo lagalasi limene Darcy ankasungiramo zipolopolozo ankalikweza pamwamba pa firiji, koma madzulo aliwonse linkatsika, chifukwa Darcy ankakonda kuzisankha pathebulo akumwa mowa wake wozizira.

Chimene chinkamudya mtima kwambiri chinali kamasewera ka bambo ndi mwana. Darcy akamanyamuka, ankagwedeza botololo kuti wayawaya, n'kufunsa, "Elsie, adadi akupita kuti?"

"Kupatsa nkhumba switi!" kankafuula kamwanako, kakuwomba m'manja.

"Wamva? Mwana wanga ndi wanzeru ameneyu."

"Darcy, ndi mtovu umenewo, ndi poizoni," ankatero Kirrily.

"Ndi mtovu wovala jekete, mayi. Penti ameneyu amapirira moto wa onga. Ndiye aope malovu a mwana?"

A Noelene ankathira mchere pabala. "Iwe Kirrily, ukanakhala nkhuku, mazira ukanawaswa ndi kuwafungatira. Malemu bambo ake a Darcy ankaluma mtovu wa mbedza ndi mano moyo wawo wonse, koma anafa ndi ukalamba. Pumula, mwana wanga. Ukalamba msanga." Akatero ankatsegula chikwama n'kumupatsa Elsie timaswiti tofiira tofewa, kukula kwake ngati nsonga ya chala. Kirrily ankayang'ana maswitiwo, n'kuyang'ana botolo lija. Koma munthu ukachenjeza kawirikawiri, mawu ako amasanduka kulira kwa firiji: aliyense amakumva, palibe amene amamvetsera.

Loweruka lina Kirrily anapita kutauni kukagula zapakhomo, mwana n'kumusiya ndi bambo ake ndi agogo ake. Pobwera anapeza thireyi ya zipolopolo ikuzizira pampando wa pakhonde, Darcy ali kushedi akupukuta mfuti, a Noelene akuwodzera pa wailesi ya kanema. Elsie anamuthamangira n'kumukumbatira miyendo.

"Amami, Elsie wadya switi ya nkhumba. Yowuma."

Matumba anagwa m'manja mwa Kirrily. Anamutsegula pakamwa mwanayo, osapezamo kanthu. Anakuwa dzina la mwamuna wake mpaka agalu anayamba kuuwa.

"Akunena maswiti a agogo akewa," anatero Darcy, akupukuta mafuta m'manja. "Si choncho, Amayi?"

"Ndamupatsa awiri kapena atatu," anavomera a Noelene.

"Wati yowuma! Yanu ija ndi yofewa, a Noelene. Tiyeni kuchipatala," anatero Kirrily.

Darcy anapukusa mutu. "Nthawi ino? Dzuwa likulowa, makangaru, nyama zodumpha zija, ali mbwee mumsewu. Ukufuna tigubuduzike tonse chifukwa cha switi? Ngakhale atameza, chituluka mawa mu thewera. Chavala jekete, ndakuuza kale."

Apa ndi pamene Kirrily anagonja, ndipo sindimuweruza. Mayi aliyense amene anatchedwapo wamantha pamaso pa apongozi akudziwa kulemera kwa makiyi a galimoto pa nthawi ngati imeneyo. Anawabwezera pa msomali.

Mawa lake anafufuza thewera ndi kamtengo. Munalibe. Mkuja, chimodzimodzi. Darcy anati umenewo ndiwo umboni woti mwana sanameze kanthu. Koma Elsie anayamba kukankha mbale. Ankagwira pamimba n'kumalira kulira kotopa, kopanda misozi. Kamwana kamene kankalongolola ngati mbalame ya m'mawa kanangoti zii, maso ali pakhoma. Tsiku limene kanasanza n'kulephera kuimirira, Kirrily sanafunsenso munthu. Anakanyamula, n'kuyendetsa galimoto ngati wothawa moto, kulowera kuchipatala.

Pa chithunzi cha m'mimba, chinthucho chinaoneka choyera mbee, chitakakamira m'kathumbo kakang'ono kumanja. Ndege ya odwala inawatengera ku Brisbane, kumene madokotala anamung'amba mwanayo n'kuchichotsa. Namwino anamupatsa Kirrily chipolopolocho m'kabotolo kapulasitiki. Jekete lija linali litasupuka mbali imodzi. Pansi pake panali mtovu wotuwa, wodyekadyeka ngati dzino lowola.

Dokotala, mayi wachikulire wolankhula motsitsa, sanazungulire. "Magazi a mwanayu ali ndi mtovu wambiri, ndipo si wa chipolopolo chokhachi ayi. Wakhala akuumeza pang'onopang'ono kwa miyezi. Tiuchotsa umene tingathe."

"Adzalankhulanso ngati kale?"

"Sindingakulonjezeni. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti asabwererenso kumene kuli fumbi limenelo."

Darcy anabwera kuchipatala, ndipo analira. Misozi inali yeniyeni, Kirrily anaiona. Anapsompsona kadzanja ka Elsie n'kulumbira kuti akasintha zonse. Kenako anabwerera kumudzi chifukwa nkhumba sizidikira munthu. Pa foni ankangoti, "Ndakonza, Kiri. Ukadzafika udzaona wekha. Ndamva, ndithu ndamva."

Patapita milungu ingapo anawatulutsa. Mchemwali wake wa Kirrily, Marnie, amene amakhala ku Toowoomba, anamubwereka galimoto. "Ukapeza zachibwana, utembenuke," anatero. "Chipinda chilipo."

Anafika pakhomo dzuwa litapendeka. Elsie anali m'tulo pampando wakumbuyo, choncho Kirrily anatsitsa mawindo n'kulowa yekha kaye. Khonde linali lotsukidwa, zoona. Botolo lagalasi lija kunalibe. Mtima unayamba kutsika. Koma atangotsegula chitseko cha khitchini, fungo linamulandira, fungo lija la penti wopsa limene ankalimva ngakhale kutulo. Anaika dzanja pa uvuni. Unali wofunda.

Darcy analowa akumwetulira, atanyamula thireyi ndi nsalu. "Taona! Ndinakuuza kuti ndamva."

Pathireyipo panali zipolopolo zitandandalikidwa m'mizere. Zakuda bii.

"Zofiira zija ndinataya zonse, ndi penti yemwe. Izi ndani angaziyese maswiti? Zikuoneka ngati manyi a nkhosa." Anaseka, akudikira kuti mkazi wake asekenso. "Ndipo dzina lija ndasiya. Sindidzalitchulanso, ndalumbira."

"Wawotchera mu uvuni wanga."

"Ndi lero lokha. Ka kushedi ndikonza sabata ino."

"Mtovu wasungunulira kuti?"

"Pakhonde, koma ndatsuka bwinobwino, waona wekha. Kiri, usayambe. Usiku uno ndili ndi ntchito kwa a Hendry, nkhumba zawatha mbewu. Mfuti ija inazolowera zanga zomwezi."

Kirrily anayang'ana thireyiyo. Dzanja lake linali m'thumba, litagwira kabotolo ka kuchipatala kaja. Atalankhula, mawu ake anatuluka ofatsa moti iye mwini anadabwa.

"Nanga mfutiyo ili bwanji? M'kati mwake?"

Nkhope ya Darcy inawala. "Ee, ukanaona! Yoyera ngati galasi. Chiyambire penti ameneyu, mulibe ngakhale kadontho ka mtovu. Sinakakamirepo n'kamodzi komwe."

Kirrily anadikira kuti mwina Darcy adzimva yekha. Sanadzimve. Anali atayamba kale kusankha zipolopolo zake, akuziyang'anitsitsa chimodzichimodzi pa kuwala kwa windo, kuopa kuti china chingakhale ndi pokalika pamene pangadetse mfuti.

"Mwana ali kuti? Mulowetse, ndimuone ndisananyamuke."

"Wagona. Ukamuonere pagalimoto pompo."

Darcy anatuluka, nasuzumira pawindo, n'kusisita tsitsi la Elsie ndi nsana wa chala. Kamwanako kanatsegula maso, kanamuyang'ana, osanena kanthu. Kale kakanafuula. Darcy anaponya mfuti ndi nyali m'galimoto yake, agalu n'kudumphira kumbuyo. "Tionana mmawa, mabwana anga awiri. Undisungire mazira okazinga!"

Fumbi la galimotoyo litatha pa geti, Kirrily anayang'ana nyumbayo: maluwa amene anadzala yekha, khonde lonyezimira ndi madzi, makatani amene a Noelene anawasokera. Wodutsa mumsewu akanati pakhomo pamenepa m'pokoma, ndipo mwamuna wake ndi wabwino, woseka, wolira misozi yeniyeni. Zonsezo zinali zoona, monga momwe penti uja analili wofiira zoona.

Zikwama za kuchipatala sanazitsitse. Anatsimikiza kuti alowa kamodzi kokha, atenge zovala za mwana ndi chidole chochapika, zotsalazo azisiye ndi fumbi lake. Elsie sapondamo m'nyumbamo. Darcy pobwera mbandakucha adzapeza uvuni wake, wakewake tsopano, iwo ali kutali pa msewu wa ku Toowoomba. Pathebulo, pamalo pamene pankakhala botolo lalikulu lija, anaimikapo kabotolo ka kuchipatala, mbali yosupukayo italoza kuchitseko.

Akuluakulu anaona kale zoterezi pamene ankati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.