Nkhope ya Abiti Salimu Yayang'ana Kuti?

Che Ndembo anafika pamsasa dzuwa lili paliwombo, khasu lili paphewa, matope atawaumira mpaka m'maondo. Panali patatha milungu isanu chigumukireni phiri lija linakwirira theka la mudzi wawo. Opulumuka ankakhala m'matenti pabwalo la sukulu, ndipo mzikiti wawo tsopano unali lona womangirira pa mitengo inayi.

Bambowa anali wokumba manda, ndipo pa ntchito yawoyo sankafuna zibwana. Wina akapotoza dzenje ngakhale pang'ono, ankamutulutsamo ndi mawu oti munthu sadya nawo bwino tsiku limenelo. Koma chichitikireni ngoziyo sanakumbenso manda a wina aliyense, ndipo pa mzere wa swala, mapemphero a Asilamu, sanaonekenso. M'mawa uliwonse ankapita okha kukafukula matope, kufunafuna akazi awo, Abiti Salimu, amene tsikulo anatsala m'nyumba iwo ali kumsika.

Anapeza Shehe Mtalika atakhala pa njerwa, akulumikiza patapata woduka ndi waya. Shehe ameneyu anaphunzira zaka zambiri kunja, koma wosamudziwa akanatha kumutuma madzi, iye n'kukatungadi.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Ndembo. Takulandirani. Khalani pamthunzi apa."

"Sindikhala. Ndamva kuti Lachisanu mukufuna kuswalira maliro a onse amene sanapezeke. Dzina la akazi anga mulichotsepo. Munthu saswalira mphepo. M'malo mwake mundipatse amuna khumi ndi makasu."

Shehe anaika patapata uja pansi. "Amuna ndikhoza kuwapempha. Koma mukudziwa kuti mudzi wonse unakumba milungu iwiri, ndipo matope aja akuya kuposa nyumba ziwiri zosanjikiza. Ndiuzeni, bambo, chikukudyani n'chiyani kwenikweni? Ndi imfa, kapena pali china?"

"Imfa ndimaidziwa kuposa inu, Shehe, mundikhululukire. Inu mumaiwerenga, ine ndimaigwira ndi manja awa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikugoneka anthu, ena oti mzikiti ankangoudutsa panja, ena alendo osadziwika n'komwe dzina. Onsewo ndinawagoneka bwinobwino, nkhope kuchibula, mbali ya ku Makka komwe timayang'ana poswali. Lero mayi amene sanaphonyepo swala agona m'matope osasambitsidwa, opanda sanda. Kaya ali chafufumimba, kaya ali chagada, kaya mutu uli pansi. Nkhope yawo yayang'ana kuti? Mtima wanga ukuwawa, Shehe, ndipo ndakwiya. Ngati Allah amatero ndi omupembedza, ine ndiswalirenji?"

Amuna awiri amene anakhala chapafupi anati, "Astaghafirullah!" n'kuyang'ana kumbali. Shehe sanadzudzule munthu. Anatembenukira kwa Che Ndembo n'kunena kuti:

"Mwanena zoona kuti ine ndimangowerenga. Ndaima pamwamba pa manda kambirimbiri, koma m'dzenje sindinalowemo. Tandiphunzitsani. Munthu mumamugoneka bwanji?"

Apa Che Ndembo anatsitsa khasu. Munthu ngakhale akwiye chotani, ukamufunsa za luso lake lilime limamasuka. Anafotokoza za kuya kwa dzenje, kuti lifike pachifuwa. Anafotokoza za kamphanga kamene amasema m'mbali mwa dzenje, mbali ya kuchibula, kuti dothi lisagwere thupi. Anati munthu amagona cha kudzanja lamanja, mfundo za sanda zimamasulidwa, tsaya limakhudza dothi, ndipo kumsana amatsamiritsako zibuma kuti asatembenuke. Pofika pa zibumazo anali atakhala pansi osadziwa n'komwe, akujambula ndi chala pa mchenga.

"Mashaallah," anatero Shehe. "Ntchito yaulemu imeneyi, ndipo ndi lamulo kwa ife pamene tingathe. Tsono ndifunseko chimodzi. Mukakwirira n'kuchoka, amakhalabe momwe munawagonekera?"

Che Ndembo anafufuta ndi chikhatho zimene anajambula pa mchenga zija.

"Manda athu aja anali othithikana," anapitiriza Shehe. "Simunaboolepo manda akale pokumba atsopano?"

"Zimachitika."

"Munapezamo chiyani?"

Wokumba manda uja anayankha motsitsa mawu, kuti amuna awiri aja asamve.

"Ichi sindinauzepo munthu. Chaka china ndinaboola m'mbali mwa manda a amalume anga, amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Ndinawagoneka ndine ndemwe, mosamala kuposa wina aliyense. Ndinapeza muzu wa mkuyu utalowa m'kamphanga muja, utawakankha. Mutu unali utayang'ana kumene sindinawayang'anitse ine. Ena amasunthidwa ndi madzi, ena ndi chiswe. Zikapita zaka, Shehe, ndi ochepa amene amakhala momwe tinawasiyira."

"Munatani?"

"Ndinawabwezera, ndinatseka, ndinawapempherera kwa Allah, basi."

"Munasiya kuswali chifukwa cha zimenezo?"

"Ayi."

"Munayamba kufukula manda onse kuti muone amene atembenuka?"

"Aa, Shehe! Imeneyo ikanakhala misala."

"Nanga munadziuza chiyani?"

"Ndinati mbali yanga ndinachita. Zotsalazo n'za Mwini wake."

Atangonena mawu amenewa, Che Ndembo anadzidzimuka ngati munthu woponda minga. Misozi inayamba kutsika pa masaya odzaza fumbi. Aka kanali koyamba kulira pamaso pa anthu chichitikireni ngoziyo. Shehe anawasiya alire, ndipo amuna awiri aja ananyamuka mwakachetechete n'kupita.

"Koma Shehe," anatero pambuyo pake, "kwa amalume mbali yanga ndinachitadi. Kwa mayiwa sindinachite kanthu."

Shehe anasendera pafupi.

"Mwakumba milungu isanu mpaka zikhatho kusupuka. Allah salamula munthu chimene sangathe, ndipo chimene chatsala m'manja mwanu ndi swala ya Lachisanu ija mukuikanayi. Mtumiki wathu, mtendere ukhale pa iye, anatiphunzitsa kuti womira ndi wogumukiridwa amalandira ulemu wa mashahidi, anthu ofera m'njira ya Allah. Abiti Salimu sanatayidwe, bambo. Amene akutayika ndi amoyo ali pano. Chisiyireni inu ntchito taika anthu anayi pamsasa uno m'mayenje osaya, okhota, okumbidwa ndi anthu a mtima wabwino koma osadziwa. M'mawa uno m'tenti yakumapeto mwamwalira bambo wina, ndipo ana ake akungoyang'anana, sakudziwa poyambira."

Che Ndembo anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya. "Ndiye mukuti ndiwasiye mayiwa m'matope muja?"

"Ndikuti muwasiye kumene munasiya ena onse. Kwa zaka makumi atatu mwakhala mukupereka anthu kwa Allah, osabwererako n'kamodzi komwe kukaona ngati akuwasunga bwino. Lero watengako mmodzi yekha osadzera m'manja mwanu, mwayamba kumukayikira? Chibula anatipatsa ife amoyo, chifukwa ndife timasochera. Akazi anu anayang'ana kumeneko kasanu pa tsiku moyo wawo wonse, ndipo Amene ankamuyang'anayo sanawaiwale nkhope chifukwa cha matope. Amene watembenukira kwina pa nkhani yonseyi ndinu, Che Ndembo, ndipo inu nokha ndi amene mungathe kutembenukanso."