Galimoto Yofiira ya Adokotala

Pabwalo logulitsira magalimoto la a Shuga panali lamulo limodzi: wogula ayese galimoto m'mawa, azungulire msika kamodzi, abwerere. Dzina la Shugali anawapatsa ndi anzawo chifukwa cha pakamwa. Munthuyo ankatha kukugulitsa ambulera yobooka iwe n'kumathokoza.

Mwezi umenewo anali ndi galimoto yofiira ya mipando iwiri, yaliwiro, ya magiya osintha okha. Kukongola inakongoladi. Koma makaniko wawo, mayi wosadziwa kukometsa mawu, anawauza mosabisa.

"Bwana, giyabokosi iyi ndi yodwala. Ikazizira imamvera. Koma ikayenda mphindi makumi anayi padzuwa, makamaka pachitunda, magiya amasiya kugwira. Injini imangolira, galimoto osasuntha. Tikonze kaye."

"Iwe, ingozimitsa kanyali kofiira kakuchenjezako. Zinazo adzaona mwini wake."

Makaniko anakana, ndipo a Shuga anadula okha kawayako.

Wogula anali dokotala wa maopareshoni pachipatala cha m'tauniyo. "Ine za magalimoto sindizidziwa," anatero. "Ndimangomva kuti otomatiki a magalimoto othamangawa amavuta. Ndiuzeni zoona, bambo, ndikudalira inu."

A Shuga anagwira pamtima. "Iyi, adokotala, ndingakwezemo mwana wanga."

Anazungulira msika kamodzi, kugwirana chanza, basi. Popeza dokotalayo ankakhala pafupi ndi chipatala, milungu itatu inadutsa popanda dandaulo, a Shuga n'kumadziyesa ochenjera.

Lachinayi lina masana mkamwini wawo anawaimbira foni. Mwana wamkazi wa a Shuga, mmodzi yekhayo, anali kuchipatala ndipo kubereka kunali kutavuta. A Shuga anathamangirako n'kupeza akazi awo pabenchi, milomo ikuyenda ndi pemphero. Nesi anawalimbitsa mtima.

"Pakufunika opareshoni. Adokotala anatsikira kumsonkhano kutauni ya kuchigwa m'mawa, koma tawaimbira, akunyamuka. Ndi ulendo wa ola limodzi. Musadandaule, ndi galimoto yawo yatsopano ija afika msanga."

 Msewuwo a Shuga ankaudziwa: popita n'kutsetsereka, pobwera n'chitunda chokhachokha, ndipo dzuwa linali paliwombo. Nambala ya dokotalayo inali mufoni mwawo. Akanangoimba n'kunena kuti, "Isiyeni iyo, kwerani ina musanatuluke m'tauni," zikanatheka. Koma kutero kunali kudziulula, akazi awo ndi mkamwini akumva. Anagwira foni, kuibweza m'thumba, kuitulutsanso. "Mwina lero ipirira," anadzinamiza choncho, maso ali pawotchi ya pakhoma.

Mphindi makumi awiri. Makumi atatu. Kuseri kwa chitseko mwana wawo ankabuula, thukuta likuwatsika a Shuga ngati akubereka ndi iwowo. Zitangopitirira makumi anayi, foni ya nesi inalira.

"Yakuferani pati? Pachitunda? Palibe ikudutsa?"

A Shuga anakhala pansi.

Dokotala anafika patapita maola awiri, atakwera lole ya mchenga, malaya ali mbuu. Sanapatse moni aliyense, anangolowa. Atatuluka anavula kansalu ka pakamwa n'kuyang'ana mkamwini uja.

"Mayi tawapulumutsa. Mwana tamuchedwerera. Pepani kwambiri."

Kenako anapisa m'thumba, natulutsa makiyi, nawaika m'dzanja la a Shuga. Sanakweze mawu.

"Munati mungakwezemo mwana wanu, bambo. Lero anali m'menemo."

Akazi a Shuga anayang'ana amuna awo. "Bambo ake, mumadziwa?"

A Shuga anaweramira makiyi aja m'dzanja mwawo. Ankayesa kuti vuto alitulutsa pageti, lapita kwa wina, osadziwa kuti langozungulira msika n'kubwerera. Akulu sananame: choipa chitsata mwini.