Mpando wa aNasibeko

Panali munthu wina ku Limbe, makaniko, dzina lake Gomile. Iwe mkwati wa mawa, tulutsa dzanja m'thumbamo, foniyo siithawa. Ndikunena za mwamuna mnzako.

Gomileyu anali ndi kagalimoto kofiira, ka zitseko ziwiri, kafupi moti munthu polowa ankachita ngati akugwadira apongozi. Anakagula kwa mzungu wina wa kuminda ya tiyi amene ankabwerera kwawo. Sikanali konyamulira makala kapena matumba a chimanga ayi. Kanali kothamanga basi.

Ndi kagalimoto komweka anakafunsira mbeta ku Ntcheu. Mbetayo anali aNasibeko, mkazi wojintcha bwino, woseka ndi thupi lonse. Anthu a kwawo ankati walola galimoto, sanalole mwamuna. Linali bodza. Koma galimotonso inathandizako, tisanamizane.

Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, awiriwa ankalowera msewu wa ku Thyolo. Kunalibe kumene ankapita. Ankangoyenda pakati pa tiyi, kugula nthochi pamsewu, n'kubwerera. ANasibeko ankasenda manachesi n'kumamuika mwamuna wawo m'kamwa, iye manja ali pa chiwongolero. Wailesi ikamaimba iwo ankapolokozana nayo, Gomile n'kumathira mang'ombe ndi mawu ake oipa aja. Ife tinkaima m'mbali mwa msewu, nkhuni zili pamutu, n'kumawayang'ana mpaka fumbi litatha. Masiku amenewo galimoto ukanaziwerenga ndi zala. Kunali kokoma kuona, ngakhale uli wapansi. Anayenda chomwecho zaka khumi ndi ziwiri.

Tsono chaka ndi chaka, m'nyengo yotentha mvula isanagwe, amuna okonda liwiro ankakumana pa bwalo lakale la ndege. Sanali akatswiri ayi. Anali anthu a ntchito zawo, aliyense ndi galimoto yomweyo imene amapitira ku ntchito Lolemba. Wopambana ankalandira chikho cha chitsulo. Chikho chokha, chosamwera ndi madzi omwe. Amuna inu muli ndi zinthu.

Gomile ankapita, aNasibeko ali pambali pake mpaka pachipata. Akafika, mayi ankatsika n'kukaima pansi pa mtengo ndi akazi anzawo. Ndipo zaka zitatu zotsatizana Gomile anakhala wachiwiri. Womuposa anali mmodzimodzi yemweyo, a Liwewe, dokotala wozula mano. Chaka chachitatucho a Liwewe anabwera atanyamula chikho kukhwapa, anasisita kagalimoto ka Gomile ngati mbuzi ya pamsika, n'kunena kuti injini ndi yabwino ndithu, koma kagalimotoko kananenepa.

Mawu amenewa anamulowa Gomile ngati thekenya.

Anakabwereka sikelo kwa wogula chimanga, sikelo yapansi ija yoikapo matumba, n'kuiika pakhomo pa galaja yake. Anayamba ndi kampando kakumbuyo, kamene ngakhale mwana sankakwanapo. Anakachotsa, anakayeza, anatenga khala n'kulemba makilo ake pakhoma. Kenako tayala lapadera ndi jeke. Anayeza, analemba. Kapeti. Mabampala. Magalasi a m'mbali anachotsa n'kuikamo mapulasitiki. Batire anasinthanitsa ndi kakang'ono. Anakhala masiku anayi atagwada, akupala ndi mpeni phula limene amamata pansi pa galimoto kuti phokoso lisamalowe. Phulalo analisonkhanitsa m'chidebe, nalonso linakwera sikelo.

Poyamba aNasibeko ankaseka. Ankauza anzawo kuchigayo kuti abambo akusosola galimoto ngati nkhuku. Wailesi itachoka anadandaula pang'ono, koma anati palibe kanthu, adziimbira okha. Koma phula lija litachoka, m'galimotomo munayamba kulira ngati m'chigayo momwe. Kuimba kunatha. Kucheza kunatha. Munthu ukafuna kunena kuti taimani tigule nthochi, unkachita kukuwa. Pansi pankatentha mpaka mapazi kuwawa, mayi n'kumayala chitenje chopinda kanayi. Komabe Lamulungu lililonse ankakwera. Sanajombepo.

Gomile nayenso anayamba kudzisosola yekha. Anasiya nkhumba, anasiya mandasi. Lamba anaboola mabowo awiri atsopano. Mzere wa manambala pakhoma paja unatsika mpaka kufika m'chiuno. Madzulo akaweruka ankaima pamenepo n'kumauyang'ana, monga mlimi amayang'anira nkhokwe yodzaza.

Sabata ya mpikisano anapita pabwalo paja yekha ndi wotchi. Anathamanga, anayang'ana wotchi. Anali atayandikira nthawi ya a Liwewe, koma panatsala pang'ono. Pang'ono zedi, nthawi yoti munthu ameze malovu kawiri.

Lachisanu masana anatsegula chitseko cha kumanzere n'kuyang'ana mpando wa mkazi wake. Unali wachikopa, wakhathamira pakati chifukwa cha zaka zija. Mabawuti anayi okha.

ANasibeko pochokera kumsika, dengu lili pamutu, anapeza mpando wawo uli pa sikelo. Anafunsa kuti mawa apita bwanji ku mpikisano. Gomile anayankha osatembenuka, kuti basi ilipo, imatsitsa pafupi ndi chipata. Anafunsanso za Lamulungu. Iye anati aona, chifukwa anzake akukamba za mipikisano ina iwiri mvula isanabwere, ndiye kumangirira ndi kumasula n'kutaya nthawi.

Mayi sanakalipe. Anatula dengu. Anachotsa mpando pa sikelo paja n'kuuika pambali bwinobwino. Anavula nsapato. Anakwera pa sikelo, n'kuima nji, akumuyang'ana mwamuna wawo m'maso.

Tsono apa tchera khutu, mkwati. Ndi iwenso uko wobisala kumbuyo kwa mnzako, ndakuona, tsiku lako likubwera. Mwamuna wamutu wake akanaseka, akanamugwira dzanja mkazi wake n'kumutsitsa. Kapena akanachita manyazi n'kutola sipanala. Koma Gomile anali atatha miyezi isanu akuyeza chilichonse chimene chakwera pa sikelo. Anawerama. Anakankha kachitsulo koyezera ka pa sikelo mpaka muyezo unakhazikika.

"Sikisite-eyiti," anatero.

Ndipo dzanja lake, lozolowera, linatola khala n'kulemba pakhoma, pansi pa makilo a mpando.

ANasibeko sukulu sanapite nayo patali, koma manambala ankawadziwa. Anayang'ana mzere wonse kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Ndiye kuti cholemera kwambiri m'galimoto mwanu ndine, abambo."

"Eya," anatero Gomile, maso akadali pakhoma, akuwonkhetsa. "Mwaposa tayala ndi mpando kuphatikiza."

Sananene monyoza. N'chimene chinawawa kwambiri. Ananena monga mmene akananenera za batire.

Mayi anatsika, anavala nsapato, analowa m'nyumba. Anaphika monga mwa masiku onse. Loweruka m'mawa, Gomile atanyamuka, iwonso anakakwera basi. Koma sinali basi yotsitsa pachipata. Inali ya ku Ntcheu.

Tsiku limenelo kagalimoto kanauluka. Kanali kopepuka ngati chikonyo. Pokhota sikankalimbana naye, powongoka kankachita kumusiya mtima m'mbuyo. Pomaliza anadutsa a Liwewe ndi mphuno yokha. Anthu anakuwa, zipewa m'mwamba. Anamupatsa chikho. Iye anachikweza, maso ali ku mtengo uja kumene akazi ankaima.

Akazi analipo ambiri. Mkazi wa a Liwewe anali atathamangira kale kwa mwamuna wake wogonjayo, akumupukuta fumbi kumaso ndi nsonga ya chitenje, akumupatsa thobwa. Gomile anaima pakati pa bwalo ndi chikho chake, anthu akumuwomba pamsana mmodzimmodzi, mpaka onse anatha. Kunyumba anapeza chitseko chotseka, kiyi ali kwa aneba, ndipo anebawo ndi amene anamuuza basi imene mayi anakwera.

Mwambo mukuudziwa. Zikatere umatuma ankhoswe, iwo ndi amene amadziwa poyambira. Koma Gomile anaganiza kuti chikho chikamuyankhulira. Anati mkazi wanga akachiona amvetsa kuti zonse zija sizinali zachabe. Lamulungu m'mawa anachipukuta mpaka kuwala, n'kuuyatsa wa ku Ntcheu.

Tsono ndikuuzeni chimene iye sanadziwe. ANasibeko katundu wawo anali asanamasule. Mtolo unali kuseri kwa chitseko monga unabwerera. Atamva kulira kwa injini kagalimoto kakadali kutsidya, anaimirira n'kukasamba kumaso. Mtima wawo unali utakwera kale m'kagalimotomo.

Malume awo anamuyalira mkamwini mphasa pansi pa mtengo. Analonjerana. ANasibeko anaitanidwa, anakhala chapatali pang'ono. Gomile anaika chikho patsogolo n'kuyamba kufotokoza mmene anakhotera, mmene a Liwewe anatsalira, mmene anthu anakuwira. Malume ankangogwedeza mutu, kudikira mawu ena amene sanabwere. Pomaliza Gomile anati basi, wabwera kudzatenga mkazi wake, nyumba yazizira.

ANasibeko anavomera mawu ochepa omwewo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mtolo wawo. Anayenda mpaka pa kagalimoto, anthu a pamudzi akuonerera. Anatsegula chitseko cha kumanzere.

Munali chitsulo chokhachokha. Pamalo pa mpando panali timabowo tinayi, ukasuzumira n'kumaona dothi la pansi.

"Ndikhala pati, abambo?"

Gomile, chikho chili m'manja, anayang'ana. Ulendo wonse uja, kuchokera ku Limbe mpaka ku Ntcheu, anayenda pambali pa malo opanda kanthuwo osawaona. Chikho anakumbuka kupukuta. Mpando anausiya m'galaja. Anachita chibwibwi, n'kunena kuti mwina apinde thumba, kapena chitenje, si patali kwenikweni.

Mayi anatula mtolo pansi. Anamulanda chikho m'manja mwaulemu, ndi manja awiri, anachikhazika pakati pa timabowo tija. Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Ichi ndiye chopepuka. Muyende bwino."

Anatola mtolo wawo n'kubwerera m'nyumba.

Njira yonse yobwerera chikho chinkagubuduzika pa chitsulo, kobo uku, kobo uku, popanda wochigwira.

Lolemba m'mawa Gomile anabwezera mpando. Ntchito yake sinatenge ndi nthawi yoti tiyi awire. Anapaka laimu khoma lonse. Anatuma ankhoswe, anapita nawo iye mwini katatu. ANasibeko ankawalandira bwino, ankawaphera nkhuku, ankawaperekeza mpaka pamsewu. Koma sanakwerenso. Mukundiyang'ana ngati ndisintha mathero. Sindisintha, ndi mmene zinathera.

Ku bwalo la ndege sanapitenso. Kagalimoto anakhala nako mpaka imvi. Lamulungu tinkamuonabe pa msewu wa ku Thyolo, yekha, akuyenda pang'onopang'ono mpaka a njinga kumamupitirira akuliza belu.

Tsono inu awiri, mawa muyamba ulendo. Sindikuti musathamange ayi. Thamangani, mugule malata, mumange nyumba, aposeni anzanu ngati mungathe. Pothamangapo mudzayamba kuchotsa zinthu, ndipo chilichonse chidzaoneka chaching'ono. Lero kudyera pamodzi. Mawa ulendo wokaona apongozi. Mkuja kucheza kopanda mutu kuja, kumene mukukukonda panopa. Zina n'zochotsadi, sindikana. Koma tsiku lina mnzako adzaima patsogolo pako n'kufunsa funso looneka ngati lophweka. Sakufuna nambala. Taya khala, mugwire dzanja.

Ndipo ukalakwa, mkwati, pakuti udzalakwa ndithu, nkhope yakoyo ndi ya munthu wolakwa, usadzapite kukapepesa utanyamula zimene wapambana. Uyambe wayang'ana ngati pali poti mnzako akhale. Nawenso mkwatibwi leka kuseka. Sikelo akazinso timaitha.